Injini ya Bambo Anga Sinafikebe

Kwa Bwana Wapampando,
Kampani ya Magalimoto ya Dunmarrow,
Chipinda Chapamwamba Zedi.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikhululukireni pokusokonezani. Ndikudziwa kuti muli ndi zazikulu zoti muganize, pamene ine ndine mphunzitsi wamba wa kuno ku Port Elwin, ku Ohio, munthu woti tsitsi layamba kundithawa pamutu. Sindikudandaula ayi. Ndalemba kuti ndithokoze m'malo mwa bambo anga a Casimir Wojtala, kasitomala wanu wokhulupirika kuposa onse, amene akudikirabe injini yawo kuyambira chaka cha 1974.

Mwina nkhaniyi simuidziwa, poti nthawiyo munali musanakhale pampandopo. Kampani yanu inalengeza kuti nyengo ya injini zakale za mapisitoni yatha. Kukubwera injini yatsopano, yaing'ono ngati ndowa, mkati mwake muli chitsulo cha ngodya zitatu chongozungulira ngati nguli, osanjenjemera, osatsokomola. Munapangiratu galimoto yake n'kuitcha Kamvuluvulu: yotakata, magalasi okhaokha, mphuno yaifupi chifukwa injiniyo sinkafuna malo ambiri. Kenako mafuta anasowa m'dziko muno, anthu n'kumaswera pamizere ya petulo, ndipo akatswiri anu anazindikira kuti nguli yawo ija imamwa petulo ngati mmene malume anga a Stosh amamwera pa ukwati. Munaisiya mwakachetechete. Magalimoto opanda injini aja munawagulitsa kwa antchito anu, ndipo bambo anga, omwe ankapenta zitseko m'fakitale yanu, anasankha yobiriwira. Kapitawo anawauza kuti, "Kaz, tenga thupili, mtima ukubwera m'mbuyo." Bambo anga sanatsutsepo kapitawo chibadwire.

Tsono ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha galimoto yosadya mafuta. Zaka zonsezi sinamwepo ngakhale dontho. Anzawo akamalira ndi mitengo ya petulo, bambo anga amangopukuta galasi n'kunena kuti, "Ine zimenezo ndimangozimva pa wailesi." Utsi nawonso sinatulutsepo. Makampani ena anavutika kwambiri ndi malamulo a boma oletsa utsi, koma inu munawakwaniritsa onse pongochotsamo injini. Nzeru yotere si ya aliyense.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha dzenje lija munasiya kutsogolo, malo oikamo injini. Munaliumba mwaluso moti palibe injini ina padziko lapansi imene ingalowemo. Malume a Stosh anayesa ya lole, inatulukira kunja ngati mimba yawo yomwe. Atabwera ndi ya makina otchetchera kapinga, bambo anawathamangitsa ndi tsache akukuwa kuti, "Choka apa, Stosh! Kamvuluvulu ukuiyesa mbuzi?" Motero dzenjelo linakhala la malemu mayi anga, a Dolores. Ankabisamo mphatso zathu za Khirisimasi. Ankasungamo mtsuko wa kabichi wowawasa. Mphaka wathu anaswera momwemo kangapo, ndipo ana ake onse ankalira mosalala, monga munalonjezera. Mayi ankati, "Kaz, injini yakoyo ikabwera ukaiike kukhitchini. Muno ndi mwanga."

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga ukufewa, zikomo chifukwa chogwirizanitsa banja lathu. Chaka chilichonse pa 4 Julayi, pa perete wa tsiku la ufulu, Kamvuluvulu imayenda mumsewu waukulu pakati pa galimoto yozimitsa moto ndi gulu la malipenga. Bambo amakhala pa chiwongolero atavala suti yawo ya ukwati, ife tonse tili pambuyo, kukankha. Phokoso la injini amapanga okha ndi pakamwa. Akuti analimvapo kamodzi kufakitale, kuseri kwa chitseko chotseka, ndipo sanaliiwale: limayamba ngati njuchi, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka nkhope yawo yafiira. Anthu m'mbali mwa msewu amakuwa kuti, "Pondani moto, a Kaz!" Iwo amatulutsa mutu pawindo n'kuyankha kuti, "Ikadali yatsopano, musaithamangitse!"

M'dzenje muja timaikamo madzi oundana ndi mowa wa okankha. Ndimakumbukira fungo la phula lotentha, soseji zowotcha, ndi mayi anga akukankha ndi phewa, dzanja lina litagwira chipewa, akutukwana m'Chipolishi motsitsa mawu kuti wansembe asamve. Anyamata onse ofuna mlongo wanga Marcia ankayesedwa pokankha galimotoyi pa chitunda cha pa tchalitchi. Ambiri anathawira pakati pa chitundacho. Dwight yekha ndiye anafika pamwamba, anasanza m'maluwa a m'mbali mwa msewu, ndipo bambo anati, "Uyu ndiye mkamwini." Ana awo atatu ndi zipatso za kampani yanu, Bwana, ngakhale simunawalembe m'malipoti anu.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha chitetezo. Maso a bambo anga anafooka, ndipo laisensi analandidwa. Koma mkulu wa apolisi kuno anaiyang'ana Kamvuluvulu, anasuzumira m'dzenje muja, nagamula kuti mwalamulo iyi si galimoto, ndi wilibala ya mawindo. Choncho m'dziko lonse la Amereka, galimoto yokhayo imene bambo anga amaloledwa kuyendetsa ndi yanu.

Tsopano ndifike pa kavuto kakang'ono, kosayenera n'komwe makutu anu. Chilimwe chino chikatha, bambo akupita kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo kumeneko kulibe galaja. Perete wa chaka chino ndi wawo womaliza. Koma injini yathu yakalamba. Mayi anatisiya. Malume a Stosh ali ndi chitsulo m'chiuno. Dwight msana unatheratu pa chitunda chomwecho, ndipo bondo langa limalira ndikamakwera masitepe. Chaka chatha tinalephera pakati pa chitunda, galimoto inabwerera chambuyo n'kukalowa m'gulu la malipenga. Palibe anavulala, kupatula lipenga lalikulu lija, limene tsopano limalira ngati bakha. Mayi Pruitt, oyendetsa za perete, anandiuza poyera kuti, "Leonard, bambo ako ndimawakonda, koma ukapanda kupeza okankha amphamvu, chikhale kunyumba chinthu chanucho."

Bambo sindinawauze. Akupukutabe galimoto yawo m'mawa uliwonse. Lole yobweretsa katundu ikaima mumsewu mwathu amadzuka pampando n'kunena kuti, "Leonard, takaone, mwina ndi imeneyo."

Sindikupempha injini, Bwana. Ndikudziwa kuti inagona kalekale, ndipo si bwino kudzutsa zakufa. Koma kampani yanu inalonjeza kuti galimotoyi idzayenda ndi mphamvu ya Dunmarrow, ndipo sinanene kuti mphamvuyo idzakhala yachitsulo. Ndinaona chithunzi chanu m'nyuzipepala pamodzi ndi akuluakulu anzanu. Nonse mukuoneka odya bwino, a mapewa otakata, oti sanagwiritsidwepo ntchito.

Choncho ndikugwada pokupemphani kuti pa 4 Julayi mudzabwere nawo anzanuwo kuno ku Port Elwin. Mudzavale nsapato zosaterera. Mataye a m'khosi mudzasiye kunyumba, amakola m'bampala. Pa chitunda musadzayankhule, mpweya mudzaufuna. Mowa uli m'dzenje muja, koma timamwa tikafika pamwamba.

Bambo akadzasuzumira pawindo n'kufunsa kuti ndinu ndani, musadzawasokoneze ndi maudindo anu. Mudzangoti ndinu injini ija, munachedwa pang'ono panjira. Adzakukhululukirani, ndi munthu woleza mtima, monga mwaonera.

Za phokoso musadere nkhawa. Adzapanga okha.

Ine wanu wokankha mokhulupirika,
Leonard Wojtala