Nyimbo Yopumira M'njira

Lolemba

Pepani achimwene. Ndikudziwa kuti ku Norton ntchito yakuchulukirani, ndipo sindikufuna kukuvutitsani. Koma munati ndizilemba zonse zimene makina anu a nyimbo akuchita, ndiye ndapeza kope. Ndikudzilembera ndekha kuti ndisaiwale. Mukafuna kuwerenga, ndi izi. Mukapanda kufuna, palibe mlandu.

Zimene munandisiyira:
1. Kompyuta yakale yodzaza nyimbo, imene mumaitcha seva. Ili mu ofesi ya pafamu chifukwa magetsi a sola ali momwemo. Batire lake linafa, siyosuntha.
2. Kabokosi ka wayifayi ka nyanga ziwiri.
3. Pulogalamu ya mu foni yanga yoitanira nyimbo, ndi waya wopita ku sipika.
4. Pepala la malangizo. Ndalipinda bwinobwino, ndalimata mu pulasitiki kuti lisade.

Ukwati wa achemwali athu, a Esinati, uli Loweruka, mu shedi yosankhira fodya. Aperekezi khumi ndi awiri adzalowa ndi masitepe, akwati pambuyo. Ine ndapempha kuti ndisavine nawo. Sindifuna anthu azindiyang'ana.

Azakhali avomera. "Ukhala wa nyimbo, pakona, kuseri kwa mabelo. Koma nyimbo ikavuta, utenga maikolofoni uimbe wekha pamaso pa anthu. Mwana wa mlongo wanga salowa mwakachetechete ngati maliro."

Siivuta. Ndili ndi pepala.

Madzulo, taweruka kosankha fodya. Kuyeserera koyamba. A Mai Tapiwa, amene akuphunzitsa masitepe, ali kutsogolo, akuwomba m'manja. Ndadina. Nyimbo yayamba bwino zedi! Kenako zii. Pa foni kagudumu kakungozungulira. Aperekezi onse aima, mwendo uli m'mwamba. Kenako nyimbo yapitiriza ngati palibe chachitika.

Ndawerenga. Masitepe 24, kuima. Kuimako ndikuwerenga mpaka 6. Kenako masitepe 24 ena, kuimanso. Yaima kanayi. Tabwereza katatu, malo ake omwewo.

A Mai Tapiwa: "Ikaima nanunso imani, musagwe. Ikayamba yambani."

Kavuto kakang'ono. Mawa ndikonza.

Lachiwiri

Langizo loyamba: wayifayi sikonda makoma.

Ndayenda kuchokera ku ofesi kufika ku shedi. Mapazi 180. Pakati pali:
mabalani atatu a njerwa,
thanki ya madzi,
thirakitala yosayenda,
mtengo wa mango.

Ndapempha a manijala kuti ndiike kabokosi pawindo. Ndaima pakhomo nthawi yaitali ndisanagogode. Avomera m'chilankhulo chawo kuti ndichite zimene ndikufuna: "Ita zvaunoda, mwanangu, koma mapepala anga asauluke." Ndakaika. Nyanga ndaloza ku shedi. Pa foni panali kamzere kamodzi, tsopano timizere tiwiri!

Ndaonanso kuti wayifayi ili ndi mayina awiri, lina lothera ndi 2, lina ndi 5. Foni yanga ili pa 2. N'chifukwa chake! Aliyense akudziwa kuti 5 imaposa 2. Ndasintha.

Ku shedi nyimbo siikumveka n'komwe. Aperekezi akundiyang'ana. Ndabisala kuseri kwa belo, ndawerenganso pepala. Langizo lachiwiri: 5 imathamanga koma siifika patali, 2 imayenda pang'ono koma imafika. Ndabwerera pa 2.

Masitepe 24, kuima, mpaka 6.

Alamu a Zuze, mwini ukwati, akuti, "Bwanji osangoikopera mu foni, mulamu?" Foni yanga ikuti yadzaza. Komanso kukopera palibe pa pepala. Chimene palibe pa pepala sindikhudza.

Pobwerera ndapeza nkhuku ya a manijala itakhala pa kabokosi. Kamatentha bwino ngati mazira. Mwina vuto ndi nkhukuyo. Mawa ndivindikira ndi dengu.

Lachitatu

Si nkhuku.

Langizo lachitatu: mafoni akachuluka pa wayifayi, nyimbo imasowa njira. Ndatsegula pamene munandionetsa. Mafoni 31! Achimwene, pasiwedi munalemba kunsi kwa kabokosi, ndipo komboni yonse inaiwerenga kale. N'chifukwa chake masiku ano anthu akukonda mthunzi wa mango. Ndimati akuthawa dzuwa. Ena akuonera zigoli, ena maulaliki.

Ndasintha pasiwedi. Ndatsatira pepala mzere ndi mzere. Mafoni atsala awiri, yanga ndi ya a manijala. Ndapambana!

Masana ayamba kubwera. Amene ndawapatsa pasiwedi yatsopano:
A foromani. Ndi amene amalemba masiku a ntchito, ndingawakanize bwanji?
Abusa. Akuti akutsitsa vesi la ukwati.
Azakhali. Sanapemphe, angotambasula foni.
A Mai Tapiwa.
Amalume a alamu a Zuze, amene afika dzulo kuchokera ku Tete. Mlendo.
Mayi wina amene sindikumudziwa, koma wandiitana ngati mwana wake, "mwanangu".

Aliyense akuti, "Ine ndekha, sindiuza munthu."

Madzulo mafoni 34.

Koma chodabwitsa n'chakuti nthawi imene mafoni anali awiri ndinathamangira ku shedi kukayesa. Masitepe 24, kuima, mpaka 6. Tsopano ali 34. Masitepe 24, kuima, mpaka 6. Ndalemba. Sindikumvetsa, koma ndalemba.

A Mai Tapiwa atopa ndi miyendo yolendewera. Akuti, "Poti ikuima, tiikepo kanthu, tisamaoneke ngati adokowe." Tsopano nyimbo ikaima anyamata akugwada bondo limodzi, atsikana akugwira m'chiuno. Zikuoneka bwino ndithu. Mtima wanga watsikako. Anthu sakundiyang'ananso.

Kwatsala masiku atatu. Ndi ambiri.

Lachinayi

Lero ndadzuka ndi nzeru zitatu.

Yoyamba: chivindikiro cha poto kuseri kwa nyanga, kuti mphamvu yonse ipite ku shedi. Timizere titatu.

Yachiwiri: foni pamwamba. Ndakwera pa mabelo, ndaimangirira ku phaso ndi chingwe cha fodya, waya wa sipika ukulendewera. Timizere tinayi! Todzaza! Ndatsika ndikumwetulira ndekha.

Masitepe 24, kuima, mpaka 6.

Ndiye timizereti timanena chiyani? Tikungokongoletsa foni?

Yachitatu: langizo lachisanu ndi chimodzi, lomaliza pa pepala. Pulogalamu ikatsegulidwa imayamba yapita ku intaneti kukafuna zithunzi za oimba, ndiye imachedwa. Ndazimitsa zimenezo. Tsopano mndandanda wa nyimbo ukutseguka msanga kwambiri, kuphethira kamodzi. Nyimbo yokha ikupumabe pa 24.

Malangizo atha. Ndakuimbirani kawiri, simukuyankha. Muli pa shifiti, ndikudziwa, sindikudandaula.

Aperekezi okha zinthu zawayendera. Kuima koyamba, kugwada. Kwachiwiri, kutembenuka kuyang'anana. Kwachitatu, kuweramira makolo. Kwachinayi, anyamata kuvula zipewa. Sakudikiranso kuti amve nyimbo yaima, miyendo ikudziwa yokha. A Mai Tapiwa akuti masitepe otere sanaonekepo kuno ku Tengwe konse.

Azakhali abwera kudzaonera. Abwera ndi maikolofoni ya kutchalitchi, aiika pa belo pafupi ndi ine. "Yeseza mawu, mwana. Nyimbo yachibwibwi iyi Loweruka siilowetsa mkwati."

Ndapita kuseri kwa balani yachitatu kukayesa kuimba. Mzere umodzi wokha. Galu wa a foromani wadzuka, wachoka.

Mawa ndikonza. Ndiyenera.

Lachisanu

Lero kulibe kuyeserera. Azimayi akusenda mbatata, amuna akusesa shedi ndi kunyamula mabenchi a kutchalitchi, ena apita ku tawuni ya Karoi kukalandira alendo.

Ndakhala pansi ndi pepala. Ndati mwina ndinalumpha liwu. Ndang'amba pulasitiki kuti ndione bwino.

Maiwe!

Pamene ndinapinda Lolemba kuti likwane mu pulasitiki, ndinapindira mkati mizere iwiri yakumunsi. Malangizo si 6, ndi 8. Ndinapinda ndi chikhadabo, mowongoka bwino, osaoneka n'komwe kuti papindidwa.

7. Ukakhala pafamu, mu pulogalamu sankha adiresi ya pakhomo, osati yakunja.
8. Kagudumu kakazungulira, tsitsa kulemera kwa nyimbo kuchoka pamwamba kufika pakati.

Ndatsegula. Adiresi ili pa yakunja, momwe munaisiyira poyesa foniyi muli nayo ku Norton. Kulemera kuli pamwamba penipeni.

Ndiye sabata yonseyi nyimbo imatuluka mu ofesi, kukwera intaneti yapafamu yofooka ija, kupita kutali kumene sindikudziwa, n'kubwerera kudzalowa mu shedi imene ili pa mapazi 180. Ngati kukwera kombi kupita ku Karoi kuti ukapereke moni kwa woyandikana naye nyumba. Komanso itasenza katundu wolemera. Ikanapanda kupuma bwanji?

Ndasintha zonse ziwiri. Ndadina.

Masitepe 24. 25. 26! Ndikuwerenga ndi zala. Yafika kumapeto osapuma. Ndabwereza katatu. Ndatsitsa foni ku phaso, ndachotsa chivindikiro cha poto, ndabweza kwa mwini wake. Ikuyendabe ngati madzi a mu payipi!

Maikolofoni sindiigwira. Achimwene, ndinu munthu wanzeru, ndipo inenso pang'ono.

Ndapita kukawauza a Mai Tapiwa. Ali pakati pa azimayi ambiri, akuseka nkhani ina. Ndaima pambali. Ndatsokomola. Mmodzi watembenuka, ndafunsa ngati akufuna madzi. Ndatunga madzi. Ndabwerera.

Palibe kanthu. Nkhani yabwino adzaimva okha mawa.

Loweruka

Ndikulemba masana, ndili kuseri kwa thanki. Pepani ndi zilembo, ndikulembera pabondo.

Shedi yadzaza. A kuchikazi, a kuchimuna, a kutchalitchi, a mafamu oyandikana. Ine pakona panga, palibe akundiona. Azakhali akweza dzanja. Ndadina.

Nyimbo yokoma! Aperekezi akulowa, nthungululu. Sitepe ya 24. Anyamata agwada. Atsikana agwira m'chiuno. Onse zii ngati zithunzi.

Nyimbo ikupitirira.

Ali chigwadire. Akuwerenga mpaka 6 mumtima. Adzuka, nyimbo yapita kale. Ena akuthamanga kuti aipeze, ena akuyambira pomwe anasiyira. Wakumbuyo waponda diresi ya wakutsogolo. Atatu atembenuka kuyang'anana, anzawo kulibe. Mmodzi wavula chipewa nthawi isanakwane. Alamu a Zuze, amene amaponda akuyang'ana kumwamba monyadira, agunda msana wa mperekezi, achemwali awagwira jekete.

A Mai Tapiwa akuwa shedi yonse kumva: "Iwe! Wachita chiyani ndi nyimbo yathu? Ibweze momwe inalili!"

Mitu yonse yatembenukira ku mabelo.

Ndabweza adiresi yakunja. Koma lero alendo onse ali ndi pasiwedi. Yaima pa sitepe ya 9. Kenako pa 3. Kenako kagudumu kokha.

Ndabwerera pa adiresi ya pakhomo. Ndanong'oneza a Mai Tapiwa kuti ndikhoza kumaimitsa ndi chala, pa 24, mpaka 6, ndili pakona pomwepa. Akuti, "Nanga adziwa bwanji kuti ulendo uno iima? Asokonezeka kale awa. Ayenera kumva kuwerenga."

Azakhali andigwira pamkono, anditulutsa kuseri kwa mabelo, andiimika kutsogolo pafupi ndi tebulo la keke. Dzanja lamanzere foni, lamanja maikolofoni. "Werenga mokweza. Ndiwe wekha ukudziwa."

Aperekezi abwerera kukhomo. Ndadina. Ndatsegula pakamwa.

"Wani."

Mawu anga atuluka mu sipika aakulu ngati a munthu wina. Ndayang'ana keke, keke yokha. Thu. Fili. Mpaka twente-foro. Chala pa foni. Zii. Anyamata agwada. Ndawerenga mpaka sikisi, shedi yonse ikuwerenga nane. Chala. Nyimbo.

Kanayi konse. Poweramira makolo, amayi alira. Povula zipewa, amalume a ku Tete aimirira pa benchi. Achemwali alowa, akumwetulira, podutsa anditsina pamkono.

Anthu akuti tibwereze. Tabwereza. Kawiri.

Lamulungu

Mawu anditsekera. Ku tchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo monga mwa masiku onse, koma anthu akutembenuka. A foromani andipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Twente-foro?" Abusa atchula mu ulaliki kuti moyo umafuna kuima pang'ono, ndipo andiloza.

Makina ali bwino kwambiri. Ndayesanso m'mawa. Nyimbo iliyonse ikuyamba nthawi yomweyo, ngakhale kuseri kwa balani yachitatu. Palibe amene wafunsa za zimenezo.

Titatuluka, kwabwera mayi wa ku Trelawney amene anali pa ukwati. Mwana wake akukwatiwa mwezi wamawa. Akufuna masitepe oimaima aja, "pamodzi ndi mtsikana wowerenga uja". Ine ndimafuna kunena kuti ayi. Ndisanatsegule pakamwa, azakhali ayankha kale: "Abwera. Ndi wa manyazi, koma pa maikolofoni ndi katswiri."

Ndavomera ndi mutu. Nanga ndikanatani?

Achimwene, ndajambula masamba onse, ndikutumiza pa foni. Funso langa ndi limodzi, ndipo pa pepala palibe, ndaona mbali zonse ziwiri ndi m'mopinda momwe. Kodi pali podina kuti nyimbo iziima yokha pa 24, iziwerenganso yokha mokweza, ine ndili kuseri kwa mabelo? Ngati palibe, ingondiuzani kuti palibe, ndiyambe kumwa madzi a mandimu kuti mawu abwerere. Chonde yankhani msanga. Kuyeserera kwa ku Trelawney kukuyamba Lachitatu.