Mwamuna wa Malaya Oyera

Lolemba
Chimbale cha ukwati wa mlongo wanga chafika pa basi kuchokera ku Machinga. Tikuonera pa DVD yakale ya Che Adamu, amene ndimakhala nawo chipinda chimodzi kuno ku Soshanguve. Zithunzi mbuu ngati utsi. Koma ndaona! Mwamuna wamtali wa malaya oyera akuvina pafupi ndi mkazi wanga. Nyimbo zitatu zathunthu. Mpaka kumunyamulira kachikwama! Nkhope yake sikuoneka.

Lachiwiri
Ndatsimikiza. Ndigula dirayivu ya HD, yolumikiza ku laputopu imene anandipatsa adona amene ndimawagwirira ntchito ku Garsfontein, poti ilibe polowetsa chimbale. Zofunika kuona:
nkhope
ndevu, ngati zilipo
dzanja lake lamanzere, lili pati?
Che Adamu akuti, "Achimwene, bwanji osangoimba foni n'kufunsa?" Ndifunse, kuti mudzi wonse undiseke? Ayi.

Lachitatu
Ndikudulira maluwa, mutu uli ku Machinga. Ndadula ndi osafunika omwe. Adona akuti masiku ano palibe amene amagula zimenezi, zonse zili pa intaneti. Ukwati wa mlongo wanga uli pa intaneti yawoyo? Kwathu foni ndi ya mabatani. Ndigula basi.

Lachinayi
Ndagula m'tauni! Wogulitsa akuti imaonetsa ndi thukuta lomwe. M'tekisi ndaibisa m'jekete, aliyense akuoneka ngati tsotsi, ngakhale agogo ena a mpango. Kufika kunyumba, chingwe sichikulowa. Bowo la laputopu ndi lina. Eish.

Lachisanu
Kutuluka mu mzikiti, m'tauninso, kukagula kolumikizira. Tsopano chimbale chikuzungulira, chikulira ngati njuchi, koma laputopu ikuti ikufuna pulogalamu ina. Che Adamu akuseka mpaka kutsamwa tiyi. Asiyeni aseke. Munthu uja akhoza kukhala:
mphunzitsi watsopano
wa kabaza
amene anakhoma malata pa nyumba yanga

Loweruka
Mzimbabwe woyandikana nafe waika pulogalamu. Yatheka! Utsi womwe uja, koma waukulu. Ndaimitsa, ndakulitsa, ndaika mphuno pagalasi. Mutu wa munthuyo ngati mbatata. Mzimbabweyo akuti makina sangaonetse chimene kamera sinagwire. Ndiye wolakwa ndi wojambula, osati ine. Kushopu akuti chotsegula sabweza. Ndani wati ndikufuna kubweza?

Lamulungu
Ndaimba foni kumudzi. Ndayamba ndi mvula, kenako mbuzi, kenako ndafunsa za mwamuna uja ngati zongodutsa. Mkazi wanga wati: "Abambo, mwana wanu yemwe? Ndi Yusufu ameneyo."
Ndinamusiya akundilekeza m'chiuno. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Che Adamu atuluka mwakachetechete, lero osaseka.
Dirayivu ikhala, ndi yanga. Ndaoneranso nyimbo zitatu zija. Amavina ngati ine, mapewa gwa.
Mayi ake akuti Yusufu wakhala akupempha chithunzi changa chatsopano. Akuti chikhale chooneka bwino.