Sitima Yankhondo Imene Ndinaipangira ku Braunstone

Sekani, Sisitala Nabanda, mano ndi anu. Mukuti nkhalamba yosintha matewera a azungu muno m'nyumba yosamalira okalamba ya ku Wigston ingadziwe chiyani za sitima yankhondo, eti? Sitima imene mwana wanga Madalitso akugwiramo ntchito, yemwe uja anasiya kuyankha foni yanga, ndinaipanga ndine. Mulungu andilange ngati ndikunama.

Akuluakulu a asilikali apamadzi atalephera, anandipeza ku Braunstone, konkuno ku Leicester, ndikudikira basi, nkundigwadira. Pulani ndinaijambula ndi choko pamsewu pompo, zitsulo ndinasungunula matirole a m'mashopu a Leicester yense mpaka anthu ankagula zinthu atatambasula malaya, kenako mbali zake ndinazipendeketsa ngati denga la tchalitchi kuti makina a adani asamaione, moti tsiku loyamba eni ake anaitaya, anadzaipeza ataona mbalame zitatera m'malere popanda mtengo. Mukumva? Injini ndinaiphunzitsa kunong'ona. Kunsi ndinaikako khutu lomvera sitima zoyenda pansi pa madzi, lakuthwa moti tili ku Scotland tinamva nsomba ikuyetsemula ku Beira. Nyanja kuno kulibe, ndiye ndinaipinda pawiri, nkuikankha mumtsinje wa Soar ndi phewa ili, lomwe madokotala akuti ndi nyamakazi. Zigawenga zapanyanja ku Somalia sitinaziombere nkomwe. Ndinangotsokomola pa mkuzamawu, zonse zinabweza katundu, china chinabweza ndi mkazi wa mnzake.

Tsono mvetserani, chifukwa apa pokha mpamene pamandiwawa. Chaka chatha ndinamva kwa anthu kuti sitimayo ikubwerera ku doko la Plymouth. Kwathu bambo saitanidwa kukalandira mwana wake, amangonyamuka. Ndinadzaza minibasi ndi amayi a ku tchalitchi, zitenje zofanana, mandasi m'ndowa, ine suti ya ukwati, ndipo njira yonse ndinkawauza kuti akaona okha mwana akundikweza m'sitima yanga.

Pageti asilikali anatiimitsa. Amayi anayamba nyimbo ndi nthungululu mpaka agalu a alonda anakhala pansi. Patapita nthawi Madalitso anatuluka, yunifomu yowala, mkazi wake wachizungu pambali, apongozi ake pambuyo atanyamula maluwa. Ndinatambasula manja. Iye anayang'ana ndowa za mandasi, anayang'ana mkulu wake wa asilikali, nkunena m'Chingerezi kuti awa ndi anthu a ku tchalitchi cha kwathu. Kenako anandigwira chanza ngati mlendo.

“Zikomo pobwera, a Phiri,” anatero chapansipansi. “Muyende bwino.”

A Phiri! Ine amene ndinkamubereka kumsana m'chipale chofewa kupita naye ku sukulu mayi ake atamwalira. Ndinavula chipewa, nkuyankha kuti zikomo bwana. Mandasi tinadyera m'minibasi, ndipo palibe anaimba mpaka ku Leicester.

Mwasiya kuseka bwanji, Sisitala? Chabwino, sitimayo sindinaikhudzepo ndi chala chomwe, ndinangoiona nsonga yake pamwamba pa mpanda. Koma munthu amene amayendetsa injini zake ndinamupanga ndine, ndi manja omwewa osintha matewera, ndipo ameneyo akane mpaka kufa, mphuno ndi yanga.