Mpando Wakumbuyo wa Apongozi

Lolemba

Loweruka kuli ukwati wa mdzukulu wa apongozi anga ku Kachulu. Ndalonjeza pamaso pa mkazi wanga kuti mayiwo ndiwanyamula pa galimoto yanga popanda kuwapweteka msana. Chaka chatha anatsika akupemphera, nalumbira kuti sadzakweranso. Uwu ndi mwayi wanga womaliza.

Vuto lagona pa mwambo. Mpando wofewa ndi wakutsogolo, koma apongozi sakhala moyandikana ndi mkamwini. Akhala kumbuyo, pamwamba penipeni pa matayala, pomwe dzenje lililonse limafika lathunthu.

Zoyenera kukonza:
1. mpweya wa m'matayala
2. mashoko akumbuyo
3. liwiro

Mwambo wokha sindingaukonze.

Lachiwiri

Mfundo ndi iyi, monga ndinkaphunzitsira ku sekondale ndisanapume. Tayala lolimba kwambiri limanjanja pa miyala ngati mpira, ndipo nthawi imene lili m'malere silimvera chiwongolero kapena mabuleki. Lofewa pang'ono limaukumbatira mwala n'kupitirira. Choncho ndikuphwetsako mpweya, ndikuyeza ndi geji katatu tayala lililonse. Kupita ku Likangala galimoto ikuyenda ngati bwato pa madzi abata. Sayansi yapambana!

Lachitatu

Ndaimika pamsika kuti ndigule matemba. Pobwerera ndikupeza a Saidi, omata matayala, akupukuta thukuta. Apopa onse anayi, mwaulere, chifukwa ndinaphunzitsa mwana wawo.

"Aphunzitsi, anali atafota ngati masamba a dzungu. Tinati mwina mulibe pampu, mukuchita manyazi kupempha."

Geji yawo ndi sipanala: amamenya tayala n'kumvera kulira kwake. Ndathokoza ndi manja awiri. Ndafika kunyumba mano akugundana.

Lachinayi

Mashoko. Ndikukanikiza kumbuyo kwa galimoto, kenako ndikusiya. Iyenera kukwera kamodzi n'kuima. Yavina kanayi! Ntchito ya shoko ndi kuletsa sipuling'i kupitiriza kudumpha. Angawa anapuma pa ntchito kale kuposa ine. Atsopano ali ku Zomba, ndipo sangafike Loweruka lisanakwane.

Chatsala ndi kupeza liwiro loyenera.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Pa mpando wakumbuyo ndaikapo thumba la mpunga, ndalimanga lamba, pamwamba pake beseni la madzi. Madzi otayika ndiwo muyezo wa kugwedezeka.

Zotsatira:
- pang'onopang'ono: beseni latsala theka
- mothamangirako: latsala louma
- mothamanga: kumbuyo kwatsetsereka pokhota, ndakalowa m'munda wa nandolo wa eni

Cholakwa chachikulu n'china. Pofuna kuti zonse zilongosoke, ndalemba pa thumbalo ndi choko kuti APONGOZI. Ndaiwala kuti mayiwo amawerenga Baibulo popanda magalasi.

Sanandiyankhule, si mwambo. Atuma mwana wawo: "Kawafunseni amuna anuwo ngati ndili mpunga wa Kilombero kapena wa Faya."

Loweruka

Apongozi akwera njinga ya kabaza. Chitenje chatsopano, duku loyera, akhala cham'mbali pa khushoni, manja pamiyendo. Ine ndapatsidwa mphatso za ukwati: ndowa, mphasa, nkhuku ziwiri. Ndapatsidwanso lamulo: nditsatire pambuyo kuti fumbi langa lisawadetsere duku. Kuwapitirira n'koletsedwa.

Giya yoyamba mpaka ku Kachulu! Chilungamo chikundikakamiza kulemba kuti pa liwiro limeneli galimoto sikugwedezeka n'komwe. Nkhuku zagona tulo.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi mkazi wanga akubweretsa uthenga. Apongozi akondwa kwambiri. Anthu a ku Kachulu ataona galimoto ikuperekeza njinga, anayesa kwabwera nduna. Amayi ena anagwada m'mbali mwa msewu. Akuti mkamwini wawo ndi munthu waulemu, ndipo kuyambira lero tiziyenda chomwecho, iwo patsogolo, ine pambuyo. Lachitatu ali ndi msonkhano wa amayi a mpingo. Ndikonzeke.

Motero msana wawo uli bwino, mbiri yanga yabwerera, ndipo mpando uja ukhala wopanda munthu.

Wakabaza wabwera kudzapangana za nthawi. Ali mkati molankhula, ndakanikiza tayala la njinga yake ndi chala. N'lolimba mopitirira muyezo.

Geji yanga ndaisiya m'thumba.