Ba Zulu Ali pa Tsamba Lomaliza

Lolemba

Sabata yanga ino! Lamlungu amalume akupita kwa Ba Zulu kukandifunsira mwana wawo Misozi. Ba Zulu omwewo ndi wapampando wa kopaletivu ya alimi a mkaka kufupi ndi Palabana, ndipo amene anawapangira webusaiti ndine. Misozi atawauza za ine akuti anangoti, "Uja wa makompyuta? Tizaona." Aona ndithu.

Vuto ndi tebulo la mamembala. Alimi mazanamazana, aliyense mzere wake: dzina, mudzi, mkaka wa lero, ndi chithunzi cha ng'ombe yake yapamtima. Zonsezi zimatuluka mu detabesi nthawi imodzi, pa tsamba limodzi. Ukalitsegula pa foni, pita ukasambe kaye. Foni imatentha ngati mbatata yootcha.

Mankhwala ake ndikuwadziwa:
- kuligawa tebulolo m'masamba, mayina makumi awiri pa tsamba;
- pansi pake mabatani awiri, "Patsogolo" ndi "Pambuyo";
- kusanja mayina kuyambira A mpaka Z;
- Loweruka ku msonkhano kuomberedwa m'manja, ine nkumayang'ana pansi modzichepetsa.

Dzuwa lisanalowe zatheka. Tsamba likutseguka kungophethira! Ndikuvina ndekha m'chipinda changa cha lendi ku Silverest mpaka alandilodi akufunsa ngati mwalowa njoka.

Lachiwiri

A mpaka Z. Z! Mutu wanga unali kuti?

A Banda adzaza masamba oyamba. A Phiri alanda pakati ponse. Ba Zulu, wapampando, apongozi anga a mawa, ali pa tsamba lomaliza okhaokha ndi ng'ombe yawo.

Misozi pa foni, akuseka mpaka kutsamwa: "Batate badina Patsogolo mpaka chala chabaŵaŵa. Bakamba ati wabaika kuseli kwa khola."

Palibe kanthu. Detabesi ilibe mwano, imasanja mmene waiuzira. Ndiiuza isanje potsata tsiku limene munthu analowa kopaletivu. Akale patsogolo. Ulemu ndi luso pamodzi, mnyamata iwe!

Lachitatu

Ndikudziwa lero kuti Ba Zulu sanali nawo poyambitsa. Anachokera ku Chipata kopaletivu ili kale ndi mano.

Ndiye tsamba loyamba ndi la eni nthaka, obadwira konkuno. Onse ochokera kummawa ali kumbuyo, Ba Zulu ali pakatikati pawo, malo osadziwika bwino.

Ndikukwera minibasi kupita ku Palabana. Pa depoti ya mkaka bambo wina wa tsamba loyamba akundigwira dzanja osalisiya, akundigulira maheu. Mayi wina akutsitsa chigubu panjinga, osandiyang'ana nkomwe: "Bana banga bonse banabadwira kuno. Manje foni ikamba ati tikali balendo?"

Maheu aja ndamwa, koma osakoma.

Nzeru ina yabwera pobwerera, ndili wopanikizika pakati pa thumba la chakudya cha ng'ombe ndi kondakitala. Mkaka! Wamkaka wambiri lero akhale pamwamba. Mkaka sudziwa kwawo kwa munthu. Komanso ng'ombe za Ba Zulu ndi zija zimakamidwa mpaka wokama kutopa.

Lachinayi

M'mawa: Ba Zulu tsamba loyamba, mzere woyamba! Misozi wanditumizira timitima. Ndikudya mandasi awiri pokondwerera.

Masana: ndaiwala kuti mkaka umalembedwa ukamafika. Chigubu chilichonse chikalowa, mayina amasuntha.

Zachitika motere. Mlembi wa kwaya akuwerenga tsamba lachitatu. Amai Daka ali pa lachinayi. Nthawi yomweyo mkaka wa Amai Daka ukulembedwa, iwo nkudumphira pa tsamba lachiwiri, nkukankhira ena onse pansi. Mlembi akudina Patsogolo: Amai Daka kulibe. Akudina mpaka kumapeto: kulibe. Koma Ba Tembo, amene anali pansi pa tsamba lachitatu, akuonekanso pamwamba pa lachinayi.

Zotsatira zake:
- nkhani yachoka pa depoti ikuti Amai Daka achotsedwa;
- yafika ku tchalitchi ikuti akudwala kwambiri;
- azimayi a kwaya afika kwawo atamanga zitenje, nyimbo ili kale pakamwa, nkuwapeza akumweta udzu;
- akazi a Ba Tembo akufuna kudziwa kuti khola linalo lili kwa mkazi uti.

Amai Daka akuti aphikira alendo awo tiyi ndipo aimba nawo nyimboyo, poti inali itayambika kale. Ba Tembo sakuyankha foni.

Lachisanu

Ndabwezera A mpaka Z, kuti munthu akhale pamene ali. Pamwamba ndaika kabokosi kofufuzira: lemba dzina lako, lituluke lokha, osadinadina. Ndi mmene amachitira akatswiri dziko lonse.

Ndikukaonetsa pa depoti. Bambo wina akundiyang'ana ngati ndamupatsa nsapato imodzi: "Zina langa siniliziba ine? Nifuna kuona mkaka wa baneba." Wina walemba "Phiri". Atuluka a Phiri masamba ndi masamba, Patsogolo ali pomwepo kumudikira.

Ba Zulu adutsa pa njinga. Ndavula kapusi, ndawerama mpaka laputopu kufuna kugwa. Angoti, "Mailo ku miting'i." Basi, tikaonana mawa ku msonkhano.

Ndikuopa, ndisaname. Misozi ndimamukonda, ndipo sindikufuna kumutaya chifukwa cha batani. Shati yoyera ndaisita kawiri.

Loweruka

Msonkhano pansi pa shedi ya depoti. Anthu adzaza, ena akhala pa zigubu. Amai Daka alandiridwa ndi nthungululu ngati ochokera kutali. Ba Tembo akhala pafupi kwambiri ndi akazi awo.

Ndikufotokoza bwinobwino: tsamba lopepuka, mabandulo osatha msanga, foni yosatentha. Akundimvera mwaulemu ngati mmene timamverera zolengeza za kutchalitchi.

Aliyense walankhula. Pomaliza Ba Zulu akuimirira.

"Ine kunkala kotsiriza si mulandu. Mukulu amakamba pothera, monga apa. Chinaniŵaŵa ni kunkala neka. Uyu mwana anatipatula twente twente monga nkuku za pa maketi. Pa maliro timankala pamozi, pa ukwati pamozi. Manje mu foni tipatukane chifukwa chani? Tibwezeni tonse mu nyumba imozi. Ikachedwa kuseguka, tizayembekeza. Ng'ombe nayo timaiyembekeza."

Manja onse m'mwamba. Ndi Amai Daka omwe, manja awiri.

Ndikutsegula laputopu pamaso pa anthu, ndikufufuta ntchito ya sabata yonse. Masamba apita, mabatani apita, kabokosi kapita. M'manja akuomba, ndipo akuombadi mwamphamvu! Foni zonse zayamba kuzungulira kufuna tsamba, netiweki yagwada. Palibe akudandaula, akufunsana za mitengo ya mankhwala a nkhupakupa.

Ba Zulu sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Lamlungu

Ndabwerako ku tchalitchi, ndakhala pakhomo. Amalume ali kwa Ba Zulu. Ku zinthu izi mwini nkhani sapita, amangodikira. Tebulo lili mmene linalili, lalitali, lolemera, ndipo anzanga a ku Lusaka akadzaliona ndidzakana kuti si ine. Basi, ndagonja. Detabesi ndimaitha, anthu a mkaka andikanika.

Foni ikulira. Amalume, mawu ali mwaa.

"Batilandila, mphwanga! Bakamba ati munthu wamene angafafanize nchito yake pamenso pa bantu osakwiya, angasunge mukazi. Koma bali na dandaulo imozi. Ati bapita mu tebulo yonse, kuchoka pamwamba mpaka pansi, mukamwini wao mulibe. Nabauza ati ulibe ng'ombe. Bakamba ati kathole, kamwana ka ng'ombe, kaliko ku khola kwao, ukakatenge, ukakajambule."

Ndakhala kaye pansi. Kenako ndatsegula detabesi.

Mzere watsopano. Dzina langa, mudzi wa Ba Zulu, mkaka wa lero palibe. Tsamba lalemeranso.

Lilemere!