Tsiku Limene Ndinabereka Pilo ku Chikweo

Ku Chikweo kuli msika umene mpaka lero sindidutsapo osalozedwa chala. Koma ndinene poyambirira kuti nzeru yanga inalibe vuto, iyayi. Chimene chinandigwiritsa fuwa lamoto ndi lamba wa yunifomu.

Inali holide, nditangomaliza Fomu 3. Achemwali anga, amene anakwatiwa ndi mphunzitsi ku Chikweo, anali m'mwezi wawo womaliza, ndiye amayi ananditumiza kuti ndizikawatungira madzi ndi kuwaphikira. Abambo anandiperekeza mpaka pageti. Chaka chimenecho anali ataitanidwako kale kusukulu (nkhani ya chule m'desiki ya aphunzitsi a masamu, ndi ina ya belu imene mpaka pano umboni wake palibe). Anandiuza kuti akangomva dandaulo limodzi lochokera ku Chikweo, za sukulu yogonera konko ndiiwale. Fomu 4 ndidzaiphunzira ndili pakhomo, madzulo ndikuyeza shuga m'golosale yawo. Abambo anga sabwereza mawu.

Pa depoti ya Balaka kondakitala anandilozera kampata pakati pa thumba la makala ndi bambo wonyamula nkhuku. Ndinakana. Ndili chiimire, ndinaona mayi woyembekezera akukwezedwa kumpando wakutsogolo ngati bwana. M'chikwama mwanga munali kapilo kanga ka ku hositelo. Ndinazemba kuseri kwa mashopu, ndinakamanga pamimba ndi lamba, chitenje pamwamba, n'kutulukira ndikuyenda ngati bakha, dzanja lili pamsana. Kondakitala wa minibasi ina anatsitsa bambo wa tayi kuti ine ndikhale kutsogolo. Pa Liwonde, posintha galimoto, zinatheka chimodzimodzi. (Amene amati sitiphunzira kanthu ku kalabu ya zisudzo abwere adzandifunse.)

Cholinga changa chinali choti ndikangotsika ndikachotse. Koma phazi lisanaponde pansi, ndinamva mayi wina akutchula dzina langa. Anali wamfupi, wampango kumutu, ndipo anati ndi Abiti Yusufu, atumidwa ndi achemwali kudzandichingamira.

Abiti Yusufu ndi aja amawatchula kuti amayi achinsinsi. Sabereketsa, imeneyo ndi ntchito ya anamwino. Iwo ndi amene mayi amayamba kuwanong'oneza akangodziwa kuti ali ndi pakati. Amamuperekeza kusikelo, amamukumbutsa kumwa mankhwala owonjezera magazi, amalongedza naye zitenje ndi beseni, amalankhulanso ndi mwamuna wake kuti asamangokhala ngati mlendo. Tsiku likafika amakhala pambali pake mpaka achire. Ndipo zimene aona, pakamwa pawo sizituluka.

Anayang'ana mimba yanga kamodzi kokha. Sanafunse mwini wake, sanafunse miyezi, sanagwire n'komwe. Anangondilanda chikwama, n'kundifunsa ngati ndadya. Anandigulira dzira lowiritsa ndi nthochi, akundiuza kuti zoti dzira limabadwitsa mwana wopanda tsitsi ndi nkhani zakale. Anandifunditsa ambulera, iwo akupsa ndi dzuwa. Chibadwire palibe amene anandisamalapo chonchi, ndiye ndinati pilo akhale kaye. Komanso ndinkafuna kuona nkhope ya achemwali. Ndinkati ndifika pakhomo, akuwa, ine ndisolola pilo, tonse tiseka.

Apa m'pamene ndinaphonya. Titayandikira kunyumba, Abiti anandikhazika pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti mayi wa miyezi yotha samudzidzimutsa, alowa kaye okha akamukonze mtima. Anakhalitsa m'nyumbamo. Mmene ankandiitana, nkhani inali itakula kuposa piloyo.

Ndinapeza achemwali ali pamkeka, maso ali psuu, foni ili m'manja, akufuna kuimbira abambo. Mtima wanga unagwera m'mimba yabodzayo. Abiti anawalanda foniyo mwaulemu.

"Nkhani ngati iyi siyenda pafoni," anatero. "Mawa ndikwera ndekha kupita ku Balaka, ndikaitula ndi pakamwa. Ndikakhala pakati pawo mpaka mkwiyo uphwe. Mwanayu asamenyedwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Koma achemwali anandigwira dzanja. Munthu amene anakula akunditsina makutu anandiuza, misozi ikutsika, kuti ndisaope, mwanayo adzamulera okha pamodzi ndi wawo, ine ndidzabwerere kusukulu. Tandiuzani inu, pamenepo munthu angasolole pilo? Ndinangoliranso, ndipo theka la misoziyo linali lenileni.

Tili mkati molira, achemwali anasiya mwadzidzidzi, n'kugwira m'chiuno. Abiti anawayang'ana, anawafunsa kuti kupwetekako kwayamba liti, ndipo achemwali anavomera kuti kuyambira m'mawa, ankangobisa. (Ndalemba dala zimenezi kuti wina asadzanene kuti matenda ndinayambitsa ndine.) Posakhalitsa nsupa inasweka.

Alamu anga, amene anali atangofika kuchokera kophunzitsa makalasi apaholide, choko chili m'manja, anasokonezeka mutu. Analowa kuchipinda, anatuluka ndi nsapato imodzi, analowanso, anatuluka ndi wailesi. Anaimbira wa kabaza amene anapangana naye, foni yake inali yozima. Abiti sanakweze mawu. Anawakhazika kumbuyo kwa mkazi wawo, anawaika manja pamsana n'kuwaonetsa posisita, akuwauza kuti azipuma limodzi naye. Atatero anati pakufunika munthu wothamangira kumsika kukatenga njinga zamoto ziwiri. Anandiyang'ana ine n'kupukusa mutu.

"Iwe khala pansi, mwanangu. Mmene ulilimu usathamange."

Ndinali nditatuluka kale.

Anthu a ku Chikweo anaona zimene sanaonepo. Mtsikana wa mimba yaikulu akudula m'munda wa chinangwa, akulumpha ngalande, akupitirira bambo wa panjinga. Azimayi pamjigo anasiya kupopa. Ine kusukulu ndimathamangira hositelo yathu, ndipo tsiku limenelo ndikanapatsidwa chikho.

Lamba anapirira ulendo wonse wochokera ku Balaka, koma liwiro analikana. Nditangolowa mumsika ndinamva mimba ikutsetsereka. Inafika m'ntchafu, inafika m'mawondo, kenako inagwa pansi patsogolo pa azimayi ogulitsa matemba. Mmodzi anaphimba kumaso n'kuyamba kutchula Mulungu. Wina anathamanga ndi chitenje kuti adzandibise kwa amuna. Atawerama anapeza pilo wamaluwa obiriwira, dzina langa litalembedwa pakona ndi inki.

Ine ndinamutola, ndinamusasa fumbi, ndinamupana m'khwapa, n'kuuza anyamata a kabaza kuti kwa aphunzitsi kuli matenda, tiyeni. Kuseka kunayamba tili kale panjinga.

Kunyumba Abiti anayang'ana pilo, anayang'ana pamimba panga pamene tsopano panali pa mwana wasukulu. Ndinadikira mbama. Iwo anangotenga piloyo n'kumuyala pampando wa njinga kuti achemwali akhalire, okha n'kukhala kumbuyo atawakumbatira. Achemwali anandiyang'ana ndi diso limene linandiuza kuti akachira tikambirana.

Kuchipatala ine ndi alamu tinatsala pakhonde. Pawindo ndinkaona Abiti akuyendetsa achemwali pang'onopang'ono, akuwapukuta thukuta, akuwamwetsa madzi, akuwabwerezera m'mawu osavuta zimene anamwino anena. Nthawi ndi nthawi ankatuluka kudzauza alamu mmene zikuyendera, chifukwa bamboyo anali atatsala pang'ono kumaliza zikhadabo zake. Dzuwa lisanalowe tinamva kulira kwa khanda. Mtsikana, wamphumphu, watsitsi lambiri.

Abiti atatuluka anagwira alamu chanza, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwachira awiri tsiku limodzi," anatero, nkhope ili gwa. "Koma wakoyu sakulira. Ukamuonetse kwa anamwino."

M'mawa mwake abambo anaimba. Atamva za mdzukulu, anapempha kulankhula ndi munthu wamkulu amene analipo, ndipo alamu anapereka foni kwa Abiti. Ndinali chapafupi, ndinamva funso lawo bwinobwino. Ankafuna kudziwa ngati mtsikana amene anatumiza uja wachita chilichonse chochititsa manyazi. Ndinayamba kudziona ndikuyeza shuga.

"Amene anathamangira njinga ndi iyeyo, ndipo tinafika nthawi yabwino," anayankha Abiti. "Zina zonse zimene zinachitika dzulo ndi za azimayi."

Abambo anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwamuna wa msinkhu wawo akamva mawu amenewo safunsanso. Anatsokomola, anathokoza, anadula foni. Achemwali nawo Abiti anawauza kuti mayi woyamwitsa sasunga mkwiyo, ngati akufuna kundilanga, matewera alipo. Ndinachapa holide yonse mpaka zala zinatuwa, koma sukulu itatsegulidwa ndinabwerera ku hositelo ndi bokosi langa.

Chimene Abiti sakanatha kutseka ndi pakamwa pa msika. Kwathu mayi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ndiye ku Chikweo konse, kuyambira ogulitsa matemba mpaka ana a alamu a Sitandade 2, ine ndine Amake Pilo. Amandifunsa kuti mwana akukula bwanji. Ndimawayankha mwaulemu kuti ali bwino, usiku savuta, ndipo pa ana onse obadwa chaka chimenecho ndi yekhayo amene wafika kale ku sekondale.