Babu lomwe linapsereza diresi la Ukaristia

Anzanga, nkhani iyi ndimaseka ndikamaikamba, koma kuseka kwake n'kwa manyazi, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Mchimwene wanga atamwalira anasiyira mkazi wake, aNangozo, makina osokera ndi ana atatu. Amasoka bwino alamu angawo, koma pa Mlangeni pano atelala ndi ambiri, ndiye ankafuna zithunzi zoti azitumiza m'magulu a pafoni. Lachisanu lina anali atamaliza diresi loyera la mwana wa eni ake, woti akalandire Ukaristia koyamba Lamulungu lomwelo.

"Alamu, tingolipachika panjapa mujambule," anatero.

Ine ndinakana. Ndinali nditawerenga kuti katundu wamalonda amajambulidwa m'nyumba, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Ndinatseka mawindo ndi mabulangete masanasana, ndinamata pa katoni mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi, ndinatenga babu lakale lotentha lija, poti ndi lomwe linalipo, n'kulimangirira pa mpando ndi mphira.

Chithunzi choyamba, diresi linatuluka lachikasu ngati lachapidwa m'madzi amatope. Ndinasendeza mpando. Lachikasube. Ndinasendezanso mpaka babu linatsala pang'ono kugunda nsalu, ndipo ndikuti ndidine foni, magetsi anathima!

Potuluka mumdimamo ndinapunthwa pa mpando uja, osayang'ana kuti wasunthira kuti. Swichi sindinaiganizire n'komwe. Munthu angathimitse bwanji chinthu chothima kale? Tinakhala pakhonde kumadya kachewere wophika, ine ndikuwaphunzitsa alamu za mithunzi.

Magetsi anabwera osatiuza. Tinangomva fungo.

"Mwasiya chiyani pamoto, alamu?" ndinafunsa ine. Tangoganizani, ine kufunsa iwowo.

Tinapeza babu litatsamira pachifuwa pa diresi, litaboola chibowo ngati chikhatho, m'mbali mwake muli bii. Alamu sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangosisita nsaluyo n'kunena chapansipansi, "Mayi ake a mwanayo anakaigula ku Lilongwe iyi. Kuno ndiipeza kuti?"

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi kupita pa boma, ndinazungulira masitolo, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti kuyera kulipo kwamitundumitundu, koma kofanana ndi kwathuko kunalibe. Ndinabwerera chimanjamanja. Ndinapeza alamu ali pa makina, patebulo pali diresi lina lalitali, atalidula kale ndi sizasi. Ndinalizindikira, poti ine ndi amene ndinaima pambali pa mchimwene wanga tsiku lomwe alamuwo analivala.

"Alamu, si la ukwati wanu ili?"

"Linkangokhala," anatero osadzutsa mutu. "Achimwene anu sakanakana. Tagwirani uku, koma mugwire ndi manja, osati ndi nzeru zanu zija."

Ndinagwira.

Lamulungu mwana uja analandira Ukaristia atavala diresi lake lija, pachifuwa pali nsalu ya diresi la ukwati wa mchimwene wanga. Pabwalo la tchalitchi mayi ake anakumbatira alamu, kuyamikira lesi yomwe sanaitanitse, azimayi ena akufunsa kuti wasoka ndani. Dzuwa linali bwinobwino, diresi likuyera mbee, foni ili m'thumba mwanga, koma kuitulutsa ndinalephera. Chithunzi chake palibe mpaka lero.

Ndinalumbira kuti za magetsi ndi zojambula ndazileka, kwa alamu ntchito yanga ndi kunyamula matumba a makala basi. Nawonso makalawo, alamu amandiuza kuti ndiziwasiya panja.